Za Mbale Zakuda, Singano ndi Makutu a Munthu

Woyimba wa masiku ano akamalengeza pa wayilesi kuti watulutsa chimbale chatsopano, ngakhale kuti chimene watulutsacho sichigwirika ndi manja, sichisweka chikagwa pansi, ndiponso chilibe kwawo kwina koma m'foni ndi pa intaneti, amakhala akutchula, mosadziwa iye mwini, dzina la chinthu chimene agogo ake anachisenza kuchokera ku Joni: mbale yakuda, yopyapyala, yoboola pakati, imene ankaigoneka pa galamafoni nailasa ndi singano kuti ilankhule. Ine ndinali mmodzi wa iwo amene ankayesa kuti dzina lokha ndilo linatsala ndipo mwini dzina anamuika kalekale, kufikira mwana wa mlongo wanga, amene amagwira ntchito ku Manchester, atabwera kudzationa, nandiuza wopanda manyazi kuti gawo la malipiro ake limathera m'masitolo a mbale zoterezi, ndi kuti ali nazo zoposa 300 m'chipinda chake. Nditamufunsa ngati ku Mangalande kwagwa njala ya nyimbo, iye anaseka nati, "Amalume, inu simungamvetse. Mawu a pa mbale ndi ofunda. A m'foniwa ali ngati mkute."

Mnyamatayu sali yekha pa misala yakeyi, pakuti ku America m'chaka cha 2022 anagulitsa mbale za vinyl zokwana 41 miliyoni pamene ma CD anali 33 miliyoni, ndipo aka kanali koyamba chichokere 1987 kuti mbale igonjetse CD pa chiwerengero. Tsono popeza nkhani ya kwa eni chuma sichedwa kufika kwa ife, ndipo ena mwa ana athu ayamba kale kuitenga ngati chiphunzitso chosatsutsika, ndaona kuti nkoyenera kuti munthu amene anakulira pambali pa galamafoni anenepo zake, angakhale zisakomere onse.

Galamafoni yoyamba imene maso anga anaona inali ya bambo anga aang'ono, amene anabwera nayo kuchokera ku migodi pamodzi ndi jasi lalitali ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka kumanda. Inali ya His Master's Voice, yonga kasutikesi, yokhala ndi chithunzi cha galu wotchera khutu mkati mwa chivindikiro. Madzulo a Loweruka ankaitulutsa pabwalo, naiika pa mtondo wovundikira, napukusa chogwirira chake mwaulemu ngati munthu wopereka nsembe. Ndipo akaiwala kupukusa mokwanira, woyimba uja ankayamba kulefuka pakati pa nyimbo, mawu nkumatsika, nkumakoka, ngati mkulu amene mowa wamufika m'mawondo, ife ana nkumagubuduka ndi phwete. Masingano ake achitsulo ankakhala m'kachitini, ndipo lamulo la opanga linali lakuti singano imodzi iyimbe mbali imodzi basi. Koma sitolo inali kutali, ndalama inali ya msonkho, choncho bambo ankanola masinganowo pa mwala, osadziwa kuti singano yonoledwa imalima mbale monga khasu lilima dimba. Nyimbo zimene ndinamva ubwana wanga wonse zinkatuluka m'kati mwa chiphokoso chonga cha chimanga chokazinga. Tinkazikonda koposa, koma munthu wondiuza lero kuti kumeneko ndiko kunali kumveka kwenikweni kwa nyimbo, ndimamuyang'ana kawiri.

Ndivomere msanga kuti mbale za mwana wa mlongo wangayu si zomwezo. Zathu zija, zimene zinachokera ku luso la Emile Berliner la m'chaka cha 1887, ankaziumba ndi utomoni wa tizilombo tina ta ku India, zinkazungulira ka 78 pa mphindi, zinkasenza nyimbo ya mphindi zitatu zokha mbali iliyonse, ndipo mutu wogwira singano unkazipsinja ndi kulemera kopitirira magalamu 100. M'chaka cha 1948 kampani ya Columbia inatulutsa mbale ya pulasitiki yozungulira pang'onopang'ono, ka 33 ndi kachigawo, yotha kuyimba mphindi zoposa 20 mbali imodzi. Chaka chotsatira a RCA Victor anatulutsa timbale tating'ono ta 45, timene pambuyo pake tinavinitsa anthu pa magumbagumba ndi pa ma Supersonic a ku Bulawayo m'midzi yathu yonse. Pa mbale zatsopanozi singano ndi kamwala ka dayamondi, kotsamira ndi magalamu awiri okha kapena kucheperapo. Kusiyana kwake ndi galamafoni ya bambo ndi kwa njinga ndi galimoto.

Komabe mbale ndi mbale, ndipo malire ake ali m'chilengedwe chake. Nyimbo yonse imakhala m'kangalande kamodzi, kopyapyala ngati tsitsi la munthu, kozungulirazungulira kuchokera m'mphepete kufikira pakati, ndipo singano poyenda m'menemo imanjenjemera motsata makwinya a m'makoma ake, kunjenjemerako nkusanduka mawu. Mawu okhuthala, onga a ng'oma ya mpanje, amafuna makwinya aakulu kotero kuti akadawajambula monga momwe alili singano ikadadumpha nkutuluka m'njira. Chifukwa chake wodula mbale amayamba wawachepetsa, nakweza mawu akuthwa onga a maseche, ndipo makina a kunyumba ndiwo amabwezera zonse m'malo mwake, potsata muyeso umene makampani a ku America anagwirizana m'chaka cha 1954. Taonaninso ichi, chimene okonda mbale satchula kawirikawiri: popeza mbale imazungulira pa liwiro limodzi, singano ikakhala m'mphepete imayenda masentimita pafupifupi 50 pa sekondi, koma ikayandikira pakati imayenda 20 okha, ndipo mawu omwewo ayenera kupanikizana m'kanjira kafupi. Ichi ndicho chifukwa nyimbo yotsiriza ya mbali iliyonse imamveka yosasa pang'ono, ndiponso chifukwa akatswiri akale ankakonda kuika nyimbo zamphamvu koyambirira ndi zofatsa kumapeto. Onjezanipo fumbi, kukalika, kupindika, ndi kutha kwa ngalande nthawi iliyonse imene singano yadutsamo.

CD, imene a Sony ndi a Philips anaitulutsa m'chaka cha 1982, imayesa mawu ka 44,100 pa sekondi iliyonse niwasunga ngati manambala, ndipo nambala sikalika, sichita fumbi, siisiyanitsa nyimbo yoyamba ndi yotsiriza. Mtunda wa pakati pa kunong'ona ndi kufuula umene CD imatha kusenza ndi madesibelo 96, pamene mbale yabwino, yatsopano, yotsukidwa, imalekezera cha pa 70. Za mawu okwera kwambiri, CD imafika kupitirira pamene khutu la mwana limalekezera, ndilo kunjenjemera ka 20,000 pa sekondi. Ndipo ndimaseka ndekha ndikaganiza kuti ambiri mwa amene amakangana za mawu a pamwambawa ndi amuna a imvi ngati ine, amene khutu lawo linasiya kale kumva ngakhale kulira kwa udzudzu wa kuseri kwa neti.

Umboni umene unandikhutiritsa ine sunachokere kwa adani a mbale koma kwa ansembe ake. Ku America kuli kampani yotchedwa Mobile Fidelity Sound Lab, imene mbale zake zina zimagulidwa pa mtengo wopitirira madola 100 imodzi, ndipo ogula ankazilemekeza pokhulupirira kuti zimachokera pa tepi yoyambirira kulunjika pa mbale, osakhudzidwa ndi kompyuta. M'chaka cha 2022 zinaululika kuti kwa zaka zambiri nyimbozo zinkayamba zasandutsidwa manambala zisanadulidwe pa mbale. Anthu odzitama kuti khutu lawo silinamizika, amene ankati amamva fungo la dijito ali patali, anali atatamanda mbale zomwezo chaka ndi chaka, osamva kanthu. Chikomekome cha mkuyu, akulu anatero, ngakhale kuti pano nyererezo sizinaononge kukoma kwa chipatso. Zinangoonetsa kuti odyawo ankatamanda chimene sankachidziwa.

Kodi tsono mwana wa mlongo wanga ndi wabodza, kapena makutu ake ndi odwala? Iyayi, ndipo apa mpamene ndiyenera kumuchitira chilungamo. Chimene iye amachitcha kufunda chilipodi: ndi kupotoka pang'ono kwa mawu kumene singano imaonjezera, ndi kufewa kwa mawu akuthwa, zimene khutu la munthu limakondwera nazo monga lilime likondwera ndi nsima ya pa nkhuni yonunkhira utsi, ngakhale utsiwo suli mbali ya ufa. Chinanso nchakuti kuyambira zaka za m'ma 1990 makampani anayamba kupikisana pokweza mawu a ma CD, nafinya nyimbo kuti ikhale yofuula kuyambira poyamba mpaka potsiriza, yopanda chigwa kapena phiri. Mbale siilola nkhanza zotere, pakuti singano ingadumphe, motero nthawi zina chimbale chimodzimodzi chimatuluka chopuma bwino pa mbale kusiyana ndi pa CD, koma mlandu ndi wa wophika, si wa mphika. Ndipo ife kuno tisaiwale chimene timachitcha dijito: ndi nyimbo zobenetsa kwa anyamata a pa msika, za MP3 yaing'ono imene yataya magawo 9 mwa 10 a zimene zinali pa CD, zotumizirana pa WhatsApp, zomvera pa kasipika ka foni kochepa ngati njere ya nyemba. Wochoka pamenepo nkukakhala patsogolo pa masipika aakulu a mnzake wosunga mbale adzalumbira kuti waona kuwala, koma chimene chamutembenuza ndi masipikawo.

Pali chinthu chimodzi chimene sindingachiyese ndi madesibelo, ndicho khalidwe limene mbale imaphunzitsa. Uyenera kuitulutsa m'chikuto ndi manja awiri, kuigwira m'mphepete, kuipukuta, kutsitsa singano mosanjenjemera, kenaka kukhala pansi, pakuti kudumpha nyimbo ndi ntchito, ndipo pakatha mphindi 20 uyenera kudzuka kukaitembenuza. Munthu wochita zonsezi amamvetsera, pamene wa foni amangomva uku akuchita zina. Ndipo kuona maso a nkhono nkudekha.

Chotero sinditsutsa kusonkhanitsa mbale. Chimene ndikutsutsa ndi chifukwa chimene ambiri amapereka, ndiponso mtundu wa mbale zimene ana athu akuthamangira. Kugula pa mtengo wa thumba la feteleza chimbale chatsopano cha ku London, chimene chinajambulidwa pa kompyuta ndipo chili kale pa intaneti, ndi nkhani ya mwini ndalama. Koma zilipo mbale zina zimene zikasweka, mawu ake apita nazo. Hugh Tracey anayenda m'dziko muno m'zaka za 1950, 1957 ndi 1958 akujambula bangwe, malipenga ndi nyimbo za amayi pa mtondo, ndipo zimenezo zinapulumuka chifukwa nyumba imene anaikhazikitsa m'chaka cha 1954, International Library of African Music, ikuzisungabe ku Rhodes University. Nanga timbale ta 45 ta kampani ya Nzeru ya ku Blantyre, nanga nyimbo zimene anthu athu anakajambula ku Salisbury ndi ku Johannesburg, wakuzisunga ndani? Abale athu a ku Zambia anaphunzira mochedwa mtengo wa zinthu zotere: mbale za WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family za m'ma 1970, zimene eni dziko anazitaya kuseri kwa nyumba makaseti atafika, alendo ndiwo anadzazitola, kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles nkuzitulutsanso, ndipo Jagari Chanda, amene anali atasiya gitala nkumakumba miyala ya mtengo wapatali, anabwereranso kukayimba ku Ulaya ndi ku America ali mkulu wa imvi. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, inde. Koma nzamanyazi kuti adzatimete ndi lumo lathu lomwe.

Ndinamuuza zonsezi mwana wa mlongo wanga, ndipo m'malo mokangana nane anandifunsa kumene kunapita mbale za agogo ake. Tinapita kwa mayi anga aang'ono, amasiye a mwini galamafoni uja, amene tsopano maso awo achita nkhungu, ndipo anatilozera thiranki ya pansi pa bedi. Munali mbale 23. Zikuto zake chiswe chinali chitadya kale. Za pulasitiki zingapo, zimene zinagonekedwa chogona pansi pa denga la malata zaka zonsezi, dzuwa la Okutobala linali litazipinda ngati lichero. Zina za utomoni zinali zidutswazidutswa. Imodzi tinaipeza kukhitchini itavundikira mtsuko wa madzi. Zamoyo zinali 7. Ine ndinati tizipukute ndi sipiriti, koma mnyamatayo anandigwira dzanja nati, "Ayi amalume, sipiriti imasungunula za 78, madzi oyera okha ndi kadontho ka sopo." Anazikulunga m'malaya ake, nakwera nazo ndege.

Patapita milungu itatu foni yanga inalira, ndipo munali nyimbo imodzi ya gitala ndi mawu a amuna awiri, imene iye anaikopera pa kompyuta kuchokera pa mbale ija ya pa mtsuko. Zonse zinalimo, kukazinga kwa chimanga kuja, kugogoda kwa pamene panakalika, ngakhale kufunda kumene iye amanenako. Manambala anasenza zonse osataya kanthu. Ndinapita nayo kwa mayi aang'ono, ndinaika foni pa mphasa pafupi ndi bondo lawo. Anakhala chete mpaka pakati pa nyimbo, kenaka anayamba kutchula mayina a anthu amene ankavina nyimboyo pabwalo paja, mmodzimmodzi, onse a kumanda. Itatha anati, "Mwanawe, tapukusanso," dzanja lawo likufufuza chogwirira m'mbali mwa foniyo.