Nyali ya mabuleki si yomata ndi tepi

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko kudzera m'nyuzipepala yanu pa khalidwe la amakanika ena a njinga zamoto kumudzi kuno.

Mphwanga anagula njinga yamoto yakale yochokera ku South Africa. Njingayi ili ndi mabuleki otchedwa ABS, omwe kampani ya BMW inayamba kuika pa njinga zamoto m'chaka cha 1988. Ku India, komwe kumachokera njinga zambiri, lamulo linalamula kuti kuyambira 2019 njinga zatsopano zopitirira 125cc zizikhala nawo. Choncho njinga zotere zichuluka kuno, tifune tisafune.

Monga ndinamvera, pa wilo pamakhala kachitsulo ka manomano ndi kachipangizo kowerenga liwiro la wiloyo. Munthu akagwira buleki mwadzidzidzi, kabokosi ka ABS kamagwira ndi kutaya, kugwira ndi kutaya, kambirimbiri pa sekondi imodzi, kuti tayala lisaume n'kuyamba kutsetsereka. Ukaliza injini, nyali yake imayaka, ndipo njinga ikayamba kuyenda imazima. Ikakana kuzima, ndiye kuti ABS sikugwira ntchito.

Ya mphwanga inakana kuzima. Atapita nayo kwa makanika wa pamsika pathu, bamboyo sanayang'ane n'komwe kuwilo. Anadula tepi wakuda, kumata panyalipo, nati, "Izi n'zachizungu, sizigwira pa misewu yathu ino." Ndalama analandira ndithu!

Patapita miyezi iwiri, mvula itagwa, mbuzi inadutsa pamsewu wa tala. Mphwanga anakoka buleki yakutsogolo ndi mphamvu zonse monga anazolowera, pokhulupirira kuti njinga imusamala. Tayala linauma, iye anagwa nathyoka mkono. Chaka chino mbewu anabzala ndi mkazi wake yekha.

Njinga itapita kutauni, anapeza mafuta a mabuleki atada bii. Mafuta amenewa amayamwa chinyontho, n'chifukwa chake opanga njinga ambiri amati azisinthidwa zaka ziwiri zilizonse. Ake sanasinthidwepo chigulireni, ndipo dzimbiri linali litalowa m'kabokosi muja. Mtengo wa kabokosi katsopano atautchula, mphwanga anangogwira pakamwa. Makanika wa kutauniyo anatiuzanso kuti nthawi zambiri nyaliyi imayaka pa zifukwa zazing'ono: matope pa kachipangizo ka kuwilo, waya woduka, fyuzi yopsa kapena batire yofooka.

Sindikunyoza amakanika athu ayi. Ambiri anaphunzira ntchito poyang'anira anzawo, pa njinga za mabuleki a chingwe, ndipo amatithandiza kwabasi. Ndivomerezanso kuti pa mchenga ndi miyala ABS imatha kuchedwetsa njinga kuima. Koma ine pa zaka zonse zomwe ndinagwira choko, mwana wonena kuti "sindikudziwa" sindinamukwapulepo. Wondivuta anali wobisa kope lake. Bamboyo akadangoti izi zandikanika, pitani kutauni, mphwanga akadayenda mochenjera.

Ndikupempha a TEVETA ndi masukulu a ntchito zamanja kuti akonze maphunziro afupiafupi a mabuleki amenewa kwa amakanika akumidzi. Inunso azibusa, ansembe ndi alangizi amene mumayendera midzi pa njinga zamoto, mawa polizapo injini yang'anani ngati nyaliyo ikuyaka ndi kuzima, ndipo funsani kuti mafuta a mabuleki anasinthidwa liti.

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Dedza.