Mbendela ya Buluu Ingacedwe, Koma Manambala a Madzi Tiwafuna Manje

Pa Isitala yathayi, ine na anzanga anayi tinasonkha ya mafuta n'kupita ku Siavonga. Mudziwa mmene zimakhalila: kucoka mu Lusaka kukali mdima, kugula nthoci pa Kafue, kukhota kumanja mukalibe kufika ku Chirundu, ndiye mapili aja mpaka madzi a Kariba aonekela kutsogolo. Titafika pa loji ina, mnzathu wina amene anabwela na mwana wake wa zaka zisanu anafunsa wa nchito kuti, "Akulu, madzi aya ali bwino kusambamo mwana?" Anaseka n'kuyankha kuti, "Ali cabe bwino, aliyense amasamba." Tinasamba, tinajambula zithunzi, tinabwelela. Patapita masiku awili mwana uja anatsegula m'mimba, ndipo mu gulu lathu la WhatsApp munabuka mkangano. Ena anati ni madzi, ena anati ni soseji ya pa mseu. Mkanganowo sunathe, cifukwa pa gombe lonse lija panalibe olo kapepala kamodzi koonetsa tsiku limene madziwo anapimidwa.

Nkhani yanga lelo ni kapepala kameneko.

M'maiko ambili, ukafika pa gombe umapeza mbendela ya buluu, ndipo pafupi nayo pali bolodi. Mbendelayo imachedwa Blue Flag. Inayamba ku France mu 1985, mu 1987 inafalikila ku Europe, ndipo amaiyendetsa ni a Foundation for Environmental Education, bungwe losakhala la boma limene likulu lake lili ku Copenhagen. Lelo magombe, madoko a maboti na maboti onyamula alendo oposa 5,000 m'maiko pafupifupi 50 ali nayo, ndipo Spain ndiye ali na zambili. South Africa inalowamo mu 2001, dziko loyamba kunja kwa Europe, ndipo kumeneko bungwe la WESSA ndilo limayang'anila.

Kuti gombe lipatsidwe mbendela, lifunika kukwanilitsa mfundo zoposa 30, zogawidwa m'magulu anayi: ubwino wa madzi, kuphunzitsa na kudziwitsa anthu, kasamalidwe ka malo, komanso citetezo na zofunika kwa alendo. M'mau osavuta, pafunika zimbudzi zaukhondo, mabini amene amatayidwa nthawi zonse, opulumutsa anthu omila kapena zida zopulumutsila, thandizo loyamba, na mapu oonetsa pamene ciliconse cili. Madzi a m'suweji na a m'mafakitale safunika kufika pamene anthu amasamba. Pa doko la maboti amayang'ananso kumene oilo wakutha na mabatile akale amapita, na kumene zimbudzi za m'maboti amazikhuthulila.

Mfundo yolimba kwambili ni ya madzi. Amatunga madzi pamene anthu amasamba n'kupita nawo ku labu, kosacepela kamodzi pa mwezi m'nyengo yonse yosamba. Amawelenga tizilombo twa mitundu iwili, E. coli na enterococci, tumene tumakhala m'matumbo a anthu na nyama. Tukapezeka tambili, ndiye kuti zonyansa za m'cimbudzi zalowa m'madzi. Pa nyanja za mcele, malile a E. coli ni 250 pa mamililita 100, amene ni madzi osakwana theka la kapu ya tiyi. Pa nyanja za m'kati mwa dziko monga zathu, malile ni 500. Zotsatila zake amazimata pa bolodi lija kuti aliyense awelenge. Ndipo mbendelayo ni ya nyengo imodzi cabe. Caka cotsatila mufunika kupemphanso, ndipo zinthu zikaonongeka pakati pa nyengo, amaitsitsa.

Wina anganene kuti, "Manje ife zitikhudza bwanji? Zambia ilibe nyanja ya mcele." Zoona ilibe, koma magombe tili nawo. Samfya ili na mcenga woyela pa Bangweulu. Siavonga na Sinazongwe zili pa Kariba. Mpulungu ili pa Tanganyika, na doko limene zombo zimanyamulila katundu wopita ku Burundi na ku Congo. Ndipo Blue Flag si ya nyanja za mcele zokha: ku Netherlands, ku Germany na ku Canada iliko pa nyanja za madzi abwino. Conco funso si lakuti tili na nyanja yoyenela kapena iyai. Funso ni lakuti, kodi tingalole kuti madzi athu apimidwe poyela, manambala n'kuikidwa pamene mlendo na mwini mudzi onse angawaone?

Nkhani ya Durban itiphunzitsa kanthu. Mu 2008, magombe ena a mzindawo analandidwa mbendela cifukwa madzi sanafike pa mlingo wofunika. Akulu-akulu a mzinda anakwiya, anatsutsa kapimidwe kake, ndipo anacokamo mu pulogalamu yonse. Kucokamo sikunayeletse madzi, ndipo patapita zaka zingapo mzinda unabwelelamo. Mu April 2022 cigumula cinapha anthu oposa 400 ku KwaZulu-Natal n'kuononga mapaipi na malo oyeletsela suweji. Magombe ambili a Durban anatsekedwa kwa miyezi cifukwa ca E. coli. Mahotela anadandaula, amalonda a m'mbali mwa gombe anataya ndalama, koma anthu anali kudziwa cimene cinali m'madzi, cifukwa manambala anali kufalitsidwa, ndipo ma labu oima paokha nawonso anali kupima n'kuyelekezela na a mzinda.

Apa ndiye pali phindu leni-leni la mbendela imeneyi: ingalandidwe. Ife tinazolowela ziphaso zimene munthu akalandila kamodzi amazipacika ku cipupa mpaka zifwifwe. Tinazolowelanso zikwangwani za "Keep Zambia Clean" zitaima pakati pa mulu wa zinyalala. Cizindikilo cimene sicingacotsedwe sicikuuza ciliconse. Koma ngati mbendela ingatsike Lacisanu cifukwa labu yapeza zonyansa Lacitatu, wa khonsolo amadziwa kuti paipi yophulika si nkhani yodikila bajeti ya caka camawa.

Ndipo ife a mu Lusaka sitifunika kuphunzitsidwa zimene madzi oipa amacita. Kolela imene inayamba mu October 2023 inapha anthu oposa 700 m'dziko muno. Heroes Stadium inasanduka cipatala, ndipo masukulu anatsegulidwa mu February m'malo mwa January. Mu February 2025, damu la zonyansa za mgodi linagumuka ku Chambishi, asidi analowa mu Mwambashi mpaka mu Kafue, nsomba zinafa, ndipo mu Kitwe madzi anatsekedwa. Nthawi zonse ziwili anthu anali kufunsa funso limodzi-modzi: madziwa ali na ciani, ndipo anapima ndani? Munthu amene anafunsa funso limeneli pa mpopi wa mu komboni ali na ufulu wolifunsanso pa gombe limene walipila kuti alowe.

Manje, nisanamizile kuti Blue Flag ni mankhwala a zonse. Ili na zofooka, ndipo zina zitikhudza ife maningi.

Coyamba, imadula. Kupima madzi mwezi uliwonse, kulipila opulumutsa anthu, kukonza zimbudzi na kulipila ndalama yopemphela mbendela caka na caka si nchito yaing'ono kwa khonsolo imene ivutika olo kutola zinyalala mu maliketi. Mbendelayo imafunanso bungwe la m'dziko momwemo loyendetsa pulogalamu, monga WESSA ku South Africa, ndipo kukhazikitsa zimenezo kumatenga zaka.

Caciwili, mlingo wake unapangidwa poganizila mavuto a ku Europe. E. coli siikuuza kanthu za likodzo, matenda amene tizilombo twake tumacokela mu nkhono za m'madzi odekha n'kulowa pa khungu la wosamba. Madzi angapase mayeso a labu bwino-bwino, koma iwe n'kuyamba kukodza magazi patapita miyezi. Siikuuzanso za ng'wena na mvuu, zimene pa Kariba si nthano. Tikangokopela mlingo wa eni ake osaonjezela zathu, tidzakhala na mbendela yokongola pa gombe loopsa.

Cacitatu ndiye cimene cimanidetsa nkhawa kwambili. Gombe la ku Samfya kapena ku Mpulungu si malo osambila cabe. Ni pamene amai amacapila na kutunga madzi, pamene asodzi amakocezela mabwato, pamene kapenta amayanikidwa. Njila yacidule yopangila gombe "laukhondo" ni kumanga mpanda n'kuthamangitsa anthu amenewa. Malamulo a Blue Flag amati anthu onse afunika kuloledwa kufika pa gombe, ndipo amafuna kuti osamba, asodzi na a maboti agawane malo popanda mkangano. Koma tonse tidziwa kuti lamulo la pa pepala na mlonda wa pa geti nthawi zina sadziwana. Ngati ukhondo utanthauza kuti mwana wobadwila ku Siavonga aziona nyanja kudzela pa waya, ine ukhondo umenewo siniufuna.

N'cifukwa cake nikamba kuti tisayambe na kuthamangila mbendela. Tiyambe na bolodi. Pa gombe lililonse limene anthu amalipila kuti alowe, kapena limene khonsolo imaitanila alendo, pakhale bolodi loonetsa zinthu zisanu: tsiku limene madzi anapimidwa, nambala ya E. coli, labu imene inapima, ngati pamalopo pali nkhono za likodzo, na malo amene ng'wena kapena mvuu zimaonekela. Lilembedwe m'Cingelezi na m'cinenelo ca kumeneko, Citonga ku Siavonga, Cibemba ku Samfya. Cithunzi ca bolodilo ciikidwenso pa Facebook ya khonsolo, kuti munthu aone akalibe kugula mafuta. Pa madoko a maboti ogonamo alendo pa Kariba, pakhale lamulo looneka na maso la kumene zimbudzi na oilo zimapita, ndipo boti iliyonse ionetse kuti inakhuthulila kumeneko.

Izi sizifuna kuti tiyambe pa zilo. ZEMA, imene inakhazikitsidwa na lamulo la 2011, ili kale na mphamvu pa zoipitsa madzi. Makampani a madzi amapima kale madzi akumwa, ndipo NWASCO imafalitsa lipoti la mmene acitila caka ciliconse. M'maboma muli akatswili a zaumoyo amene nchito yawo ni kuyendela misika na zitsime. Ndalama ya CDF inakwezedwa kufika pa K25.7 miliyoni pa dela la phungu lililonse mu 2022. Kutunga botolo la madzi kamodzi pa mwezi na kumanga cimbudzi cabwino pa gombe n'kanthu kocepa poyelekezela na ndalama imeneyo. Eni maloji nawonso angasonkhe, cifukwa ndiwo oyamba kudya phindu alendo akakhulupilila madzi.

Pali amene adzati manambala oipa adzathamangitsa alendo. Inde, kwa kanthawi angathamangitse. Koma cimene cimathamangitsa alendo kothelatu ni mphekesela. Mnzathu uja anauza aliyense ku nchito kwake kuti Siavonga inadwalitsa mwana wake, ndipo mwina madziwo analibe mlandu. Loji ija ikanakhala na pepala la labu, ikanadziteteza. Popanda pepala, wa loji alibe coonetsa, mlendo alibe cokhulupilila, ndipo aliyense amakamba zake. Tikasunga manambala kwa zaka zitatu kapena zinayi, tidzadziwa gombe limene lili bwino, limene limaipa mvula ikagwa, na limene lifuna kuti suweji ikonzedwe. Nthawi imeneyo tikafuna Blue Flag tidzapempha tili na umboni m'manja, osati zithunzi za dzuwa likulowa.

Nafenso tili na mbali yathu, ndipo si yokondweletsa. Mabotolo a mowa osweka mu mcenga, mapulasitiki a cakudya na matewela a ana amene amatsala pa gombe Mande ya Isitala sabwela na asodzi. Amabwela na ife a mu tauni, m'mabasi a maulendo a kuceza. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 30 kudzela mu lamulo la 2018, koma palibe lamulo lingakugwile dzanja pamene uponya botolo m'madzi. Sitingafunse khonsolo manambala m'mawa, madzulo n'kukodzela m'nyanja imodzi-modziyo cifukwa cimbudzi cili patali. Thumba limodzi la zinyalala m'buti ya motoka silidya mafuta.

Ulendo wotsatila, mukalibe kutumiza ndalama ya cipinda, lembani meseji kwa a loji: "Madzi a pa gombe lanu anapimidwa liti, ndipo anapeza ciani?" Woyamba kufunsa adzamuseka monga mmene anatisekela ife. Koma anthu 20 akafunsa mwezi umodzi, mwini loji adzaimbila foni ku khonsolo, cifukwa funso lokhudza ndalama silikhala nthawi yaitali popanda yankho. Ine na anzanga tagwilizana kale kuti August uno tipita ku Samfya. Mwana uja anacila ndipo akuti nayenso apita. Amai ake akuti adzafunsa funso lija tikalibe kunyamuka, ndipo yankho ikakhala yakuti "ali cabe bwino", mwanayo adzasewela pa mcenga basi.