Tsogolo la chitsulo cha New Zealand lagona pa timibulu ta mchenga

Mu Meyi 2023 boma la New Zealand lidalonjeza ndalama zofika NZ$140 miliyoni kuti kampani ya New Zealand Steel imange ng'anjo yamagetsi yosungunulira zitsulo zakutha ku Glenbrook, kumwera kwa mzinda wa Auckland. Panthawiyo cholinga chinali kuchepetsa mpweya wowononga nyengo ndi matani 800,000 pachaka. Komatu ng'anjoyi ikuthetsa theka chabe la vuto. Theka linalo ndi mchenga.

Fakitaleyi imapanga chitsulo kuchokera ku mchenga wakuda wa ku Waikato North Head, womwe amausakaniza ndi madzi n'kuuyendetsa m'paipi mtunda wa makilomita 18. Mumchengamo muli chitsulo chomangana ndi titanium. Kwathu kuno titanium ndi chuma, ndipo ndiye wakopa Rio Tinto ku ntchito ya mgodi wa Kasiya. Koma m'ng'anjo zikuluzikulu zomwe maiko ambiri amagwiritsa ntchito, iye ndi msokonezi. Amalimbitsa zinyalala zosungunuka mpaka kukanika kuyenda. N'chifukwa chake Glenbrook idatsata njira yakeyake yowotcha mchenga ndi malasha kenaka n'kuusungunula ndi magetsi.

Kuti malasha achoke, ambiri akuyang'ana mpweya wa hydrogen. Apa mpomwe nkhani ya timibulu yabwera. Ng'anjo zoimirira zomwe zimayendera mpweya zimafuna mipata yoti mpweyawo udutse, ndipo mchenga wokhawokha ungatseke njira. Choncho mchenga umaperedwa, kusakanizidwa ndi madzi komanso dongo la bentonite, n'kuzunguzidwa m'mbale yaikulu mpaka utaumbika timibulu ta mamilimita 9 mpaka 16. Timibuluto timaotchedwa pa madigiri oposa 1,200 kuti tisaphwanyike tikaunjikana. Kuotchako kuli ndi phindu lina: kumasintha mkati mwa mwala kuti mpweya ulowemo mosavuta.

Zonsezi n'zodya ndalama ndi mphamvu, ndipo mapeto ake titanium sachoka. Timibulu tomwe msika umafuna pa njira imeneyi timakhala ndi chitsulo pafupifupi 67 peresenti, pomwe mchenga wa New Zealand sufika pa 60 ngakhale atausefa. Kunja tingagulidwe motchipa. Mwayi wa Glenbrook ndi woti ili kale ndi ng'anjo zosungunulira zomwe zimapatula titaniumyo.

Akatswiri a ku Robinson Research Institute, pa Victoria University of Wellington, ayesanso kudumpha kuumba konseko pouluza mchenga mumpweya wotentha wa hydrogen. Miyala ina imamatirirana ikatero, koma uwu ayi, chifukwa titanium amakuta kanjere kalikonse ngati khoko. Izi zatheka m'chipinda choyesera. Fakitale ya matani zikwi mazana ambiri pachaka ndi nkhani ina, ndipo hydrogen wopangidwa ndi magetsi akadali wokwera mtengo.

M'kuona kwathu, eni kampaniyi, a BlueScope a ku Australia, sangathamangire kumanga malo oumbira timibulu njira yachiduleyi isanayesedwe mokwanira. Mpaka pamenepo, chitsulo chochokera ku mchenga chidzadalirabe malasha.