Belu la tchalitchi lomwe linkathamangitsa mavenda

Sabata ino tasiyani kaye za mitengo ya tomato, ndikutengereni ku Charleston, mzinda wa pa doko m'chigawo cha South Carolina, kummwera kwa America. Pa mphambano ya misewu ya Broad ndi Meeting pali tchalitchi choyera mbee, dzina lake St Michael's. Adayamba kumanga mu 1752 ndipo mapemphero oyamba adachitika mu 1761. Kwa zaka zambiri chidali cha mpingo wa Episcopal, omwe ndi abale a Anglican ku America, mpaka mu 2012 pomwe chidapatukana nawo pamodzi ndi dayosizi yake.

Mabelu ake asanu ndi atatu adapangidwa ku London mu 1764. Amangwetu, mabelu amenewa ayenda kuposa ena a ife ochita geni ya ku Joni! Mu 1782 asilikali a ku Britain, pochoka atagonja pa nkhondo, adawanyamula ngati katundu wolanda. Munthu wina wamalonda adawagula ku London n'kuwatumizanso kwawo. Pa nkhondo ya pachiweniweni adakawabisa ku Columbia, koma mu 1865 mzindawo udapsa, mabelu nawo n'kuwonongeka. Zidutswa zake zidapitanso ku England kukasungunulidwa, ndipo zidabwera zili mabelu atsopano mu 1867. Chivomezi cha 1886 chidagwedeza nsanja yake, mphepo ya mkuntho ya Hugo idawomba mu 1989, koma tchalitchi chikadalipo. George Washington adapempheramo mu 1791.

Koma tsono apa ndi pomwe ndikufuna mutchere khutu. Ambiri mwa omwe adasenza njerwa pomanga nyumba ya Mulungu imeneyi adali akapolo ochokera kuno ku Africa. Ndipo belu lomwelo lomwe linkaitana azungu ku mapemphero Lamulungu, usiku uliwonse linkalira pochenjeza anthu akuda kuti achoke mu msewu. Wopezeka panja belu litalira, wopanda kalata ya mbuye wake, ankagona m'chitokosi, mawa lake n'kulandira zikoti.

Nanga mukuganiza kuti ogulitsa nsomba, ndiwo zamasamba ndi zipatso m'misewu ya Charleston adali ndani? Adali anzathu omwewo, makamaka amayi. Kuyambira mu 1800 mpaka 1865, kapolo wogwira ganyu mu mzinda ankayenera kuvala kachitsulo ka mkuwa, kolembedwa chaka, nambala ndi ntchito yake: wonyamula katundu, msodzi kapena wogulitsa zipatso. Mbuye wake ankakagula kachitsuloko ku khonsolo chaka ndi chaka. Mayi ankatenthedwa ndi dzuwa tsiku lonse, madzulo ndalama n'kukapereka kwa mwini wake. Kakobiri kotsala, ngati kalipo, n'komwe ena ankasunga mobisa mpaka kudziwombola nako.

Dzulo ndidaona mayi wina akukangana ndi wodula ziphaso, ati sadagulitseko kanthu chiyambire m'mawa. Ndidamumvera chisoni, komanso ndidakumbukira amayi a ku Charleston. Ife chiphaso timadula, koma phindu ndi lathu. Kusiyana kwake n'kumeneko, ndipo tisamakuone ngati kochepa.

Tsidya lina la msewu, moyang'anizana ndi St Michael's, kuli nyumba ya khonsolo ya mzinda. Mu June 2018 makhansala adakhala m'nyumba imeneyo n'kuvota kuti mzinda upepese chifukwa cha ukapolo. Zaka 153 chitathere ukapolo! Akuluakulu adati chalaka bakha nkhuku singatole, koma kupepesa kokha kudawatengera mibadwo isanu.

Ndiye inu a khonsolo athu, mukamalanda malonda a mayi wamasiye m'mphepete mwa msewu, dziwani kuti mbiri imalemba. Musadikire adzukulu anu kuti adzapepese m'malo mwanu.

Tionane sabata ya mawa, malonda ayende bwino.