Za Iwo Akunyoza Mutu Wopatsidwa

Alipo ena mwa ife, ngakhale aphunzitsi, amene anena kuti mlembi weniweni safuna kupatsidwa mutu wa nkhani, ndi kuti kusonkhana kukalemba pa mutu umodzi ndiko kusewera kwa ana a sukulu. Mau awa tiwakana. Taonani zipatso zace: onenawo alindira kuti nzeru idzagwa yokha ngati mvula, ndipo zaka zipita, pepala liri loyera.

Kumbukirani Samuel Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma. Bungwe lina la ku London, losamala zinenero za mu Afrika, linaitana anthu apikisane polemba m'cinenero cao. Iye anabvomera, nalemba Nthondo, nalandira mphotho m'caka ca 1933. Ndipo mu 1934 bukulo linaturuka m'Cingerezi. Kodi kuitanako kunamanga nzeru zace? Iai, kunazidzutsa. Momwemonso mu 1970 ophunzira a pa Chancellor College, mmodzi wa iwo Jack Mapanje, anayamba msonkhano wa alembi, nawerengerana zolemba zao, nadzudzulana. Ndipo m'menemo munaturuka olemba ndakatulo omveka kutali.

Mwambo uwu suli wacilendo. Madzulo wina akati "Cilape!" anzace ati "Nacize!" ndipo mwana amene anangokhala duu ayamba kusinkhasinkha. Mutu wopatsidwa ndiwo cilape ca alembi.

Koma tidzudzulanso iwo akutola mitu m'mabuku a kutali, nauza mwana wa ku Golomoti alembe za mizinda ya ku Ulaya imene sanaione. Mitu iri pakhomo pathu. Lembani za kufika kwa ansembe oyamba ku Mua mu 1902, monga makolo anasimbira. Za Angoni a Kacindamoto ku Mtakataka. Za njanji imene inapyola cigwa cino kufikira ku Salima mu 1935. Za mtsinje wa Nadzipokwe m'dzinja. Ku Kungoni, ciyambire 1976, amisiri asema mbiri yathu pa mtengo. Nanga pa pepala adzailemba ndani?

Cifukwa cace, abale, titi: akatha mapemphero a Lamulungu, anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi akhale pansi pa mthunzi. Mmodzi achule mutu, onse akalembe kwao, ndipo sabata yamawa awerengerane ndi kukonzana mosanyozana, pakuti mutu umodzi susenza denga. Musazengereze: nkhalamba zodziwa izi sizidzatilindira.