Labala wakaunjika sasunga mpweya

Mukayenda m'mamawa m'misewu ya ku Gaza kuno ku Chipinge, mudzaona galimoto ina itagona chopendekera pakhomo. Kawirikawiri imakhala Discovery, Range Rover kapena Benz yakaleko, tayala limodzi lakumbuyo litabisala m'bodi pomwe m'galimotomo mulibe ngakhale thumba la chimanga. Mwini wake akatuluka n'kuliza injini, kompuresa imayamba kung'ung'udza, galimoto ija n'kudzuka pang'onopang'ono. Akaona choncho amati palibe vuto, n'kuuyamba ulendo. Vuto lilipo, ndipo tsiku lililonse limene akuyenda choncho akuchulukitsa ndalama zomwe adzalipire kugalaja.

Galimoto zimenezi sizikhala pa masipuling'i achitsulo. Pa tayala lililonse pali thumba la labala wochindikala lodzaza mpweya, lomwe amakaniko amati airbag, ndipo ndi limene limasenza bodi yonse. Kompuresa imapopa mpweya, mpweyawo umadutsa m'kachipangizo kochotsa chinyezi, umasungidwa m'thanki, kenaka mavavu amaugawa m'timapaipi tapulasitiki topita ku thumba lililonse. Mpweya ukamathawira penapake, masensa amauza kompyuta kuti mbali ino yatsika, kompyuta n'kudzutsa kompuresa. Koma kompuresa ya galimoto yaing'ono anaipanga kuti izipopa kanthawi kochepa n'kupuma. Ikalira ulendo wonse wochoka kuno kudutsa pa Tanganda mpaka ku Mutare, imatentha mpaka kupsa. Munthu amene akanangogula thumba limodzi amapezeka akufuna thumba, kompuresa ndi relay yake yomwe.

Kwathu kuno zinthuzi sizikhalitsa monga ku Japan kapena ku England kumene galimotozi zimachokera. Tiyi anayamba kulimidwa kuno kuesiteti ya New Year's Gift m'ma 1920, ndipo misewu yolowa m'maesiteti monga Ratelshoek, Jersey, Zona, Southdown ndi Clearwater inazolowera mathirakitala ndi malole a masipuling'i achitsulo. Dothi lake ndi lofiira, m'chilimwe fumbi, m'dzinja matope omata. Thumba la mpweya limapindika m'munsi mwake, ndipo galimoto ikamadumphadumpha mpindikowo umakwera ndi kutsika pachitsulo chimene thumbalo limakhalapo. Mchenga ukalowa pamenepo umapala labala ulendo wonse. Ku Honde Valley, kumene kuli tiyi wa Eastern Highlands, kumawonjezera nkhungu ndi mvula yosatha. Kompuresa imakoka mpweya wonyowa, chochotsera chinyezi chimakhuta msanga, madzi n'kufika m'mavavu.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ambiri amathamangira kugula sipeyala asanadziwe pomwe pakutuluka mpweya. Tsiku lina ndinaima pambali pa makaniko wachikulire, mwana wa anthu amene anachoka ku Mulanje kudzathyola tiyi kuno, akuona galimoto yomwe mwini wake anali atagula kale kompuresa yatsopano. Mkuluyo sanagwire sipanala. Anasungunula sopo wotsukira mbale m'botolo, anakweza galimoto mpaka pamapeto kuti mpindiko wa labala utambasuke, anaichirikiza ndi zitsulo, n'kuyamba kuwaza madzi asopowo pathumba, pamutu pake ndi paliponse polumikizira paipi. Pathumba lakumanzere, m'mzere umene umabisika galimoto ikakhala bwinobwino, panayamba kutuluka timathovu tondondozana. Anapukutapo ndi chala chachikulu n'kutionetsa timing'alu tambirimbiri topyapyala.

"Bwana, kompuresa yanu yakale ija inalibe mlandu," anatero mkuluyo. "Thumba ili likapanda kuchoka, yatsopanoyinso muitaya."

Kuyeza kwina mungathe kuchita nokha pakhomo. Madzulo imikani galimoto pamalo osalala, yezani ndi tepi kutalika kwa ngodya zonse zinayi, zulani fyuzi ya suspension kuti kompyuta isamakonze yokha usiku, m'mawa muyezenso. Ikatsika ngodya imodzi, kayikirani thumba la pamenepo kapena paipi yake. Ikatsika mbali zingapo nthawi imodzi, kayikirani mavavu. Koma musalowe pansi pake ili pa jeke yokha kapena pa mpweya wokha. Paipi ikaphulika galimoto imagwa pomwepo, ndipo munthu sapeza mpata wothawa.

Mukadziwa chowonongeka, m'pamene pamabwera nkhani yovuta ya kugula. M'mashopu a ku Mutare, kapena ku Harare mumsewu wa Kaguvi ndi ku Gazaland ku Highfield, adzakuonetsani thumba latsopano la kampani yodziwika, latsopano lopanda dzina, ndi lakaunjika lomasula pagalimoto yomwe inaphwasulidwa. Wogulitsa adzalikweza m'mwamba lakaunjikalo n'kunena kuti ili ndiye orijinolo, lachokera ku Japan kapena ku UK, ndipo mtengo wake udzakusangalatsani. Ine ndilibe chifukwa ndi chitsulo chakaunjika. Bulaketi, thanki yopanda dzimbiri, chitsulo chokhalapo thumba ngati sichinapindike, zonsezi gulani ndi mtima umodzi. Labala ndiye ayi. Aliyense amene anamangapo katundu panjinga ndi malegeni akudziwa kuti legeni akakhalitsa amauma n'kung'aluka ngakhale sanamangire kanthu. Thumba la mpweya limakalamba chimodzimodzi. Kuyambira 2021 boma la Zimbabwe linaletsa kuitanitsa galimoto zambiri zakaunjika zopitirira zaka 10, koma thumba lomasulidwa lilibe chikalata chosonyeza zaka zake. Discovery 3 inayamba kupangidwa mu 2004 n'kulekeza mu 2009. Thumba lochokera pagalimoto yotero likhoza kukhala la msinkhu umodzi ndi limene mukuchotsalo, ndipo lakhala lophwa m'kontena kapena padzuwa kwa miyezi, mpindiko wake utaumira malo amodzi. Mumalipira thumba, mumalipira makaniko, pakapita kanthawi mumalipiranso zonse ziwiri.

Palinso ena amene amatenga shoko yakale yakutsogolo, n'kuiveka labala watsopano, n'kuipaka penti wakuda. Akaikonza bwino n'kukuuzani zoona, palibe cholakwa. Koma funsani ngati shoko ya m'katiyo ndi yatsopano, chifukwa shoko yotopa imasiya thumba likumenyeka lokha m'mabampu, ndipo labala watsopanoyo sachedwa kutha.

Mayina odalirika alipo ndipo si achinsinsi. Pa malole ndi mabasi, matumba a Firestone, ContiTech ndi Goodyear ndi amene akhala akugwira ntchito kwa zaka zambiri, ndipo mavavu odziwika ndi a Wabco, Knorr-Bremse ndi Haldex. Pa galimoto zazing'ono pali Bilstein, Arnott ndi Dunlop, pomwe makompuresa a Discovery 3 ndi 4 amakhala a Hitachi kapena AMK, ndipo awiriwa samangolowana m'malo popanda kusintha zina. Tsoka lake, katoni yokongola aliyense angathe kuisindikiza. Tsegulani katoniyo muli m'shopu momwemo. Dzina ndi nambala zikhale zoumbidwa palabala penipenipo, osati pakapepala komata. Mphete yachitsulo yofinya labala ikhale yofinyika mofanana kuzungulira konse. Polowera paipi pakhale potseka kuti fumbi lisalowe. Sindikunena kuti chilichonse chochokera ku China n'choipa, pajatu mabasi a Yutong ndi Zhongtong akunyamula anthu tsiku ndi tsiku m'misewu yathuyi. Chimene ndikukana ndi sipeyala yopanda dzina la wopanga, yopanda nambala, yomwe ikaphulika mulibe woti mukamufunse.

Nambala ndiyo imapulumutsa ndalama. Musapite kushopu n'kungoti mukufuna airbag ya Benz. Tengani nambala ya chasisi, ndipo ngati n'kotheka nyamulani thumba lakalelo mukaliyerekeze ndi latsopano pakauntala. Galimoto za dzina limodzi zimasiyana malinga ndi chaka ndi dziko limene anazipangira. Prado zina zili ndi matumba a mpweya kumbuyo kokha, zina zilibiretu. Land Cruiser zina zazikulu ndi Lexus LX zimakwera ndi kutsika, koma zimayendera mafuta apadera, si mpweya, ndiye wofuna kuzigulira thumba la mpweya akutaya nthawi. Safunsa anadya phula, ndipo kwa ife okhala makilomita opitirira 150 kuchokera ku Mutare, sipeyala yolakwika imatanthauza ulendo wina wa tsiku lathunthu.

Nkhaniyi imandikhudza kwambiri ikafika pa malole ndi mabasi, chifukwa pamenepo si ya ndalama zokha. Ngolo zonyamula masamba a tiyi kuchoka kumunda kupita kufakitale zilibe matumba amenewa, koma mathiraki ambiri otenga tiyi wouma, makadamiya ndi matabwa kupita ku Mutare, ku Beira kudzera pa Forbes, kapena kumwera kudzera pa Beitbridge ali nawo, monganso mabasi ambiri a maulendo ataliatali. Pa galimoto zimenezi kompuresa yodzaza matumba ndi yomweyonso yodzaza mathanki a mabuleki. Pali vavu yoteteza kuti thumba likaphulika mpweya wa mabuleki usathe wonse, koma kompuresa yolimbana ndi chibowo tsiku lonse imatopa, imayamba kulavulira oyilo m'mapaipi, ndipo imachedwa kubwezera mpweya pamene dalaivala akuponda buleki pafupipafupi. Amene anatsikapo msewu wokhotakhota wolowa m'Honde Valley kuchokera pamsewu wa Mutare ndi Nyanga kupita ku Hauna akudziwa kuti pamenepo phazi silichoka pabuleki.

Chinanso chimene eni malole ambiri sachiganizira n'chakuti pa ngolo zambiri zoyendera mpweya, mabuleki amadziwa kulemera kwa katundu poyeza mphamvu ya mpweya wa m'matumba omwewo. Mukaika thumba lonenepa kapena lochepa kusiyana ndi loyenera, muyeso umenewo umasokonekera, ngolo n'kumagwira buleki mosayenerana ndi katundu amene yasenza. N'chifukwa chake thumba longolowa pamabawuti silokwanira. Liyenera kufanana ndi lakale m'litali, m'mimba mwake ndi chitsulo chake cha m'munsi, monga anakonzera opanga ekiselo, kaya ndi BPW kaya SAF. Mwini lole amene amauza makaniko kuti ikani lililonse bola tifike, akuika pachiswe moyo wa dalaivala wake ndi wa amayi ogulitsa nthochi m'mphepete mwa msewu.

Posintha, sinthani matumba onse awiri a ekiselo imodzi. Anayamba ntchito tsiku limodzi, adya fumbi limodzi, ndiye linzakelo silichedwa kutsatira. Mukasintha kompuresa, sinthaninso relay ndipo onetsetsani kuti chochotsera chinyezi n'chatsopano, chifukwa relay yomatirira imapsereza kompuresa yatsopano. Timphete talabala ta polumikizira mapaipi n'totsika mtengo, musabwezeretse takale. Madalaivala a malole azikhetsa madzi m'mathanki m'mawa uliwonse, makamaka nyengo ya mvula, ndipo pochapa galimoto madzi azifika pampindiko wa thumba kuti matope achoke.

Ena amafunsa ngati si bwino kungochotsa zonsezi n'kuika masipuling'i achitsulo. Pa galimoto yaing'ono yokalamba, imene ntchito yake ndi kuyenda pakati pa Gaza, Mount Selinda ndi m'maesiteti, ine ndimavomereza. Idzagunda pang'ono m'mabampu, sidzathanso kudzikweza powoloka malo oipa, koma idzakufikitsani kunyumba. Walira mvula walira matope: amene akufuna kufewa kwa mpweya avomerenso mtengo wake, ndipo amene ndalama zake sizingakwanitse asachite manyazi kuika chitsulo. Chofunika n'kugula masipuling'i opangidwira galimoto imeneyo, pamodzi ndi kachipangizo kouza kompyuta kuti isamadandaule, osati kudula masipuling'i a galimoto ina n'kuwakakamiza. Pa lole ndi basi ndiye musayerekeze n'komwe, kumeneko mpweya ndi mabuleki zinalukana.

Ambiri a ife timagula masipeyala pafoni. Timatumiza ndalama kwa munthu wa ku Harare kapena Johannesburg amene sitinamuonepo, katundu n'kubwera ndi kondakitala wa basi atakulungidwa m'pepala lapulasitiki. Ndikupemphani, abale anga, musanatumize ndalama uzani wogulitsayo akutumizireni chithunzi cha nambala ya palabala, akuuzeni dzina la wopanga, ndipo alembe palisiti nambalayo, tsiku logulira ndi miyezi imene mungabweze katunduyo akapanda kugwira ntchito. Akakana kulemba, sungani ndalama zanu mukagule kwina.