Kodi dzira la m'sitolo lingatulutse mwanapiye?

Mavidiyo ake adzaza pa TikTok ndi Facebook: munthu wagula mazira m'sitolo, wawaika m'makina ofungatirira, pakutha pa masabata atatu anapiye ali psipsipsi. Achinyamata ambiri ayamba kale kuwerengera phindu. Ine ndikuti musanathire ndalama ya thireyi m'madzi, dikirani kaye.

Sikuti onse akunama ayi. Mu 2020, mayi wina ku England adagula mazira a bakha m'sitolo ya Waitrose, ndipo atawafungatira mudatuluka tiabakha titatu. Chidachitika n'choti abakha oyera amavuta kusiyanitsa, ndiye wamwamuna nthawi zina amasakanikirana ndi aakazi pafamu. Nkhaniyo idamveka dziko lonse chifukwa zotere sizichitikachitika.

Nkhani yonse yagona pa tambala. Thadzi limaikira mazira ngakhale palibe tambala, koma dziralo likhala lopanda mbewu. Nkhuku za mazira za m'mafamu akuluakulu zimasungidwa zokhazokha, chifukwa tambala amangotha chakudya osaikira. Dzira lotere mungalifunditse mwezi wathunthu, lingosukusa basi. Ndipo kadontho ka magazi kamene mumakaona mukaswa dzira si mwanapiye. Ndi kamtsempha kamene kadaphulika dziralo likupangika.

Chachiwiri ndi masiku. Dzira la mbewu likapitirira masiku 7 mpaka 10 chiikirireni, mwayi woswa umayamba kutsika. Nanga la pa shelefu mukudziwa lidaikiridwa liti? Layenda pa lole, lagwedezeka, mwinanso lagona m'firiji.

Ndiye ngati mtima uli pa nkhuku, gulani mazira kwa mlimi amene tambala wake mwamuona ndi maso anu, kaya ndi nkhuku zachikuda kaya za Mikolongwe. Sankhani oyera, osasweka, ndipo musawatsuke, chifukwa madzi amachotsa kachinthu kopyapyala koteteza chigoba ku tizilombo.

M'makina, kutentha kukhale madigiri 37.5, ndipo mbale ya madzi isaume. Tembenuzani mazira katatu kapena kuposa apo pa tsiku mpaka tsiku la 18, kenako asiyeni. Pa tsiku la 7, lowani m'chipinda cha mdima n'kuunika dzira lililonse ndi tochi ya foni. Lamoyo limaonetsa timitsempha ngati ukonde wa kangaude. Loti kuwala kukungodutsa, lichotseni. Mazira a nkhuku amaswa pa masiku 21, a bakha wamba pa 28.

Ganiziraninso za magetsi. Akazima usiku wonse makina n'kuzizira, mukhoza kutaya zonse. Ngati mulibe batire kapena sola, pezani thadzi lomwe layamba kukhalira, mulipatse mazira 10 kapena 12. Limatembenuza lokha, limafunditsa lokha, ndipo silifuna mayunitsi.

Anapiye akaswa, katemera wa chitopa musamuiwale. Mazira a m'sitolowo kazingani, mudyere nsima.